A Likhutcha Sanaweruke

Achimwene, siyani sikuludiraiva imeneyo. Ayi, osati yayikuluyo, kakang'ono kokulungidwa tepi yofiirako. Kabwezeni pomwe mwakapeza. Foni yanu ndikonza magetsi akayaka, ndipo mmene azimiramu sayaka msanga, ndiye kokani benchi mukhale pafupi ndi mbaulayi. Anthu mumsika muno amati ine Elida Sapuwa ndine mayi wovuta chifukwa ndimakaniza kachitsulo kosaoneka bwino ngati kameneka. Alekeni anene. Koma inu poti mwakagwira kale, bola mumve komwe kanachokera.

Ndisanakhale pa kauntala ino ndinkagwira ntchito pa koleji ina yophunzitsa zamagetsi. Dzina lake sinditchula, anthu ake akadali moyo. Labu yathu inali yachilendo chifukwa ophunzira sankalowamo. Iwo ankakhala kutali, ena ku Karonga, ena ku Mchinji, ena ku Nsanje, m'tizipinda tomwe kolejiyo inatsegula m'maboma. Wophunzira ankavala magalasi aakulu ophimba maso onse ndi magolovesi awiri, ndipo akatero ankaona tebulo la mu labu yathu ngati wakhala pomwepo. Patebulopo panali mikono iwiri ya loboti, wakumanja ndi wakumanzere. Iye akatambasula dzanja ku Karonga, mkono wachitsulo unkatambasuka kuno, n'kutola waya, n'kuwotcherera, n'kuyeza ndi mita. Magolovesiwo ankabwezanso kukhudza: mkono ukagwira chinthu kuno, zala zake zinkamva kulimba kwa chinthucho uko. Zida zoterezi zinalipo khumi ndi ziwiri, chilichonse ndi nambala yake, ndipo kompyuta inkalemba nambala iti yalowa nthawi yanji.

Mkulu wa labuyo anali a Likhutcha, bambo wamanzere, wosakonda kuyankhula. Ine ndinali wothandiza wawo zaka zisanu ndi zinayi. Munthuyo anali ndi timakhalidwe take totopetsa. Asanawotcherere chilichonse ankagogoda chitsulo chowotcherera katatu m'mphepete mwa kachitini, ngo, ngo, ngo, kenako n'kupukuta nsonga yake pa siponji yonyowa. Akafuna chida sankatchula dzina lake. Ankangotambasula dzanja lamanzere, chikhatho kumwamba, iwe uzidziwa wekha. Ukawapatsa cholakwika, dzanjalo linkangokhala pomwepo mpaka utachita manyazi. Ankafika seveni koloko itangopitirira pang'ono, n'kuweruka hafu pasiti folo, osachedwa, osafulumira. Ndinkawalemekeza, koma ndisaname, mpando wawo ndinkaufuna.

Atayamba kudwala shuga maso anayamba kuwavuta, ndipo anabwerera kwawo ku Thyolo. Akuluakulu anawapatsa zida za nambala seveni, pamodzi ndi sola ndi kabokosi ka netiweki, kuti azithandiza ophunzira ali kumudzi komweko. Anachita zimenezo miyezi isanu. Kenako Lachinayi lina uthenga unafika kuti atisiya, maliro Loweruka.

Inali nyengo ya mayeso, aliyense ali kalikiliki. A Matewere, mkulu wa dipatimenti yathu, anandiitana n'kundipatsa nkhata yamaluwa.

"Mayi Sapuwa, inu ndi amene munagwira nawo ntchito nthawi yaitali. Mukatiyimire. Mukayankhule mawu a kuntchito, ndipo pobwera mutengeko zida za seveni zija."

Ndinavomera. Chomwe sindinawauze n'chakuti Loweruka lomwelo ndinali ndi mayeso anga ku Zomba, a pepala lomwe linkafunika kuti munthu akhale mkulu wa labu. Ndikanawaphonya ndikanadikira chaka china, mpandowo n'kupita kwa wina. Loweruka m'mawa ndinafika pa depoti, ndinapereka nkhata ija kwa kondakitala wa minibasi ya ku Thyolo, ndinamupempha kuti akaitule pa siteji, ine n'kukwera ya ku Zomba. Lolemba a Matewere atandifunsa, ndinati mwambo unayenda bwino. Anandipatsa fomu, ndipo ndinasayina kuti zida za nambala seveni zabwera, zili m'kabati yomwe makiyi ake ndinkasunga ndine. Mumtima ndinkati ndikazitenga Loweruka likubweralo. Loweruka linafika, manyazi anandigwira. Linalo, manyazi anakula. Mayeso aja ndinakhoza, mpando uja anandipatsa, ndipo ndinangosiya kuganizira za kabati ija.

Zinayamba ndi siponji.

Tsiku lina nditatsegula labu m'mawa ndinapeza siponji ya patebulo ili yonyowa. Kunyowetsa siponji inali ntchito yanga kale, koma chikhalireni mkulu ndinali nditachita ulesi, ndinkainyowetsa wophunzira akadandaula. Ndinafunsa a Jangiya, alonda athu amasana, ngati wina analowa.

"Alowa bwanji, mayi? Makiyi si muli nawo inu?" anatero a Jangiya, akundiyang'ana ngati ndine amene ndikubisa kanthu.

Mawa lake siponji yonyowanso. Kenako zida zinayamba kusamuka. Ine ndimagwiritsa ntchito dzanja lamanja, ndiye pulayazi, mita ndi mtovu wowotcherera ndinkazisiya kumanja. Ndikangotuluka kukamwa tiyi, pobwera ndinkapeza zonse zili kumanzere, zitandandalikidwa kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono. Ndinaganizira a Jangiya. Ndinaganizira mayi wosesa. Ndinafika poganizira a Matewere, chifukwa kunkamveka kuti anali ndi mlamu wawo amene ankafuna mpando womwewo, ndiye ndinati mwina akufuna kundisokoneza mutu. Ndinayamba kukiya chitseko ngakhale popita kuchimbudzi. Zida zinapitiriza kusamuka.

Sabata yachitatu ndinali pa kompyuta, nsana nditalozetsa ku tebulo, panalibe wophunzira aliyense wolowa. Kunja dzuwa lili phwee, cha m'ma leveni. Kumbuyo kwanga kunamveka ngo, ngo, ngo. Sindinacheuke msanga. Nditacheuka, mikono yonse iwiri inali chete, koma chitsulo chowotcherera chinali chotentha, kautsi kakukwera pa siponji.

Masana a tsiku lomwelo wophunzira wina wa ku Karonga, dzina lake Lusayo, anali kuyeserera mayeso ake omaliza. Mawu ake ankamveka pa sipika ya mu labu.

"Madamu, chonde ndisiyeni ndiyese ndekha."

"Ndakuletsa ndani?" ndinatero.

"Mukundigwira dzanja, madamu. Ndikafuna kulumikiza waya uyu apa, mukundikokera uku."

Manja anga anali pa kapu ya tiyi. Ndinayang'ana patebulo. Mkono wakumanja, womwe Lusayo ankayendetsa, unali utaima m'malere, ndipo wakumanzere unali utaugwira pamfundo, modekha, monga mmene umagwirira mwana wofuna kuwoloka msewu. Waya yemwe Lusayo ankafuna kulumikizayo akanawotcha bolodi lonse lomwe ankalumikizapo mawayawo.

"Pitiriza," ndinatero. "Ndi makinawa, amatero nthawi zina."

Mayeso atatha, ophunzira onse makumi atatu ndi mmodzi anakhoza. Zimenezi zinali zisanachitikepo. A Matewere anabwera mu labu atanyamula mabolodi m'katoni, anawayala patebulo, n'kundiuza kuti ndiwayang'ane. Zowotcherera zonse zinali zofanana, tating'ono, tosalala, tonyezimira, ngati zachitidwa ndi dzanja limodzi.

"Ana a ku Nsanje ndi a ku Karonga aphunzira liti kufanana chonchi?" anafunsa.

"Ndi khama lawo, bwana."

"Khama." Anatulutsa pepala losindikizidwa pa kompyuta. "Nambala seveni yakhala ikulowa tsiku lililonse, m'mawa mpaka hafu pasiti folo. Pa mayeso a mwana aliyense inalipo. Seveni ili kuti, mayi Sapuwa?"

"M'kabati."

"Tsegulani."

Ndinasisita m'matumba, ndinakhuthula chikwama, n'kunena kuti makiyi a kabati ndawaiwala kunyumba. A Matewere anandiyang'ana nthawi yaitali. Anali munthu wosakweza mawu, ndipo zimenezo n'zomwe zinkaopsa.

"Lero ndi Lachisanu. Lolemba naini koloko ndibwera ndi anthu awiri a komiti. Ngati pali munthu amene mwamupatsa zida zimenezo kuti azilembera ana mayeso, ntchito yanu yatha, ndipo mayeso a ana onsewa afafanizidwa. Mukapeze makiyiwo."

Atatuluka ndinakhala pansi. Mkwiyo wanga unatembenukira ku Thyolo. Ndinati basi, pali wachibale wa malemu amene wapeza choseweretsa, mwinanso ndi munthu amene a Likhutcha anamuphunzitsa timakhalidwe tawo tonse, ndipo akundiwonongera ntchito. Ndinafuna kumugwira ndekha. Makinawo anali ndi khalidwe lakuti anthu awiri akalowa nthawi imodzi, aliyense ankaona manja a mnzake ngati zithunzithunzi zotuwa pamwamba pa tebulo. Ndinatenga zida za nambala thuu, ndinalowa m'kachipinda koyandikana, n'kuvala.

Tebulo linaoneka bwinobwino. Manja anga otuwa anali apo. Kumanzere, kumapeto kwenikweni kwa maso, kunali manja ena awiri atapumira patebulo. Ndikatembenuza mutu kuti ndiwaone bwino, ankakhala ngati asuntha pang'ono, osachoka. Chala chaching'ono cha dzanja lamanzere chinali chopindika. A Likhutcha anathyoka chala chimenecho ali mnyamata, ndipo sichinawongokenso.

"Ndinu ndani?" ndinafunsa. "Zida zimenezo ndi za koleji."

M'magalasimo, momwe nthawi zonse munkanunkha pulasitiki ndi thukuta la anthu, munayamba kumveka fungo la dothi lonyowa. Kenako dzanja lamanzere lija linatembenuka pang'onopang'ono, chikhatho kumwamba, n'kudikira.

Ndinavula magalasiwo mwamphamvu mpaka tsitsi linazuka. Ndinatuluka panja n'kukhala pafupi ndi a Jangiya popanda chifukwa. Iwo anangosuntha mpando wawo kutalikirana nane pang'ono.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Thyolo, ulendo womwe ndinayenera kuyenda miyezi itatu m'mbuyomo. Nditatsika pa siteji ndinafunsa wakabaza ngati akudziwa kwa a Likhutcha.

"Bambo aja amagwira ntchito m'kachipinda aja?" anatero.

"Ankagwira. Anamwalira."

Bamboyo anangopukuta mpando wa njinga ndi chipewa chake. Tinayenda m'kanjira ka pakati pa minda ya tiyi, dothi lofiira likumata matayala. Titafika pa mtengo wina wa mango, nyumba ikuonekera patali, anaima n'kunena kuti iye athera pomwepo. Ndinamufunsa chifukwa chake, anati unyolo wa njinga ukuvuta. Unyolowo unalibe vuto lililonse pomwe ankabwerera, ndinamuona akupalasa ngati akuthamangitsidwa.

Mayi Likhutcha ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anali mayi wamng'ono thupi, atavala mpango wakuda. Nditatchula dzina langa ndi komwe ndachokera, manja awo anaima m'lichero.

"A kuntchito," anatero. "Mwafika lero?"

"Pepani, mayi. Zinthu zinachuluka."

"Zimachuluka." Anandiyalira mkeka, koma sanandifunse za ulendo wanga.

Ine ndi mtima wanga wothamanga sindinachedwe. Ndinati ndabwera kudzatenga zida za koleji, ndiponso ndikufuna kudziwa amene wakhala akuzigwiritsa ntchito. Mayiwo anadzuka, ananditsogolera kuseri kwa nyumba, n'kutsegula kachipinda kena. Munali tebulo ndi mpando umodzi. Sola inali itatsamira khoma, yoyang'ana kukhomako, fumbi lili mbuu. Kabokosi ka netiweki kanali m'dengu, mawaya ake atakulungidwa bwinobwino. Batire panalibe, anati alamu awo anaitenga sabata ya maliro yomweyo.

"Magalasi ndi magolovesi?" ndinafunsa.

"Anapita nazo."

"Ndani? Alamu anuwo?"

Anandiyang'ana ngati ndine mwana wosamva. "Eni ake. Mwana wanga, miyezi yomaliza ija bambo sankaona ngakhale mbale ili patsogolo pawo. Koma akavala magalasi aja ankaona zonse. Ndinkawamva muno akuseka, akukalipira ana a eni a ku Karonga. Ndiye ife tikanawaperekeza ali osaona? Tinawaveka. Magolovesi tinawaveka. Kasikuludiraiva kawo ka tepi yofiira tinawaikira m'thumba la malaya, poti sankayenda opanda iko. Ife tinkayesa zonsezo n'zawo. Akanabwera munthu wa kuntchito, bwenzi atatiuza kuti si zawo."

Ndinagwira mphuthu ya chitseko. Ndinayesabe kukakamira maganizo anga akale, ndinati mwina mayiwa akunama, akubisa wachibale. Koma sola inali apo yoyang'ana kukhoma, ndipo kangaude anali atamanga kale pakati pa iyo ndi zenera.

Tinabwerera pakhonde. Mayiwo anatenganso lichero lawo, n'kuyamba kuyankhula maso ali pa nyemba.

"Kumanda kuja anayankhula a kubanja. Anayankhula a kumudzi. Anayankhula a mpingo. Kenako woyendetsa mwambo anati, a kuntchito. Zii. Anabwereza, a kuntchito kwa malemu. Anthu kuyang'anana. Kachitatu, anangoti tipitirize. Zaka makumi atatu munthu akulawirira ntchito imodzi, panalibe woimirira n'kunena kuti bambo, mwagwira, zikomo, ntchito yanu yathera pano. Ndiye inu mukuganiza kuti munthu ngati uja angaweruke yekha, osauzidwa?"

Ndinawerama ndi manyazi.

"Mpando wa m'kachipindamo ndimaubweza pansi pa tebulo madzulo aliwonse," anapitiriza. "M'mawa seveni ikangokwana ndimaumva ukukokedwa. Teni koloko ndimaika tiyi pakhomo pake, nanga nditani? Sindiopa, ndi amuna anga. Koma ndatopa, mwana wanga. Anthu asiya kudutsa pano. Nawonso eni akewo atopa, anadwala nthawi yaitali."

"Ndiperekezeni kumanda, ndikayankhule panopa," ndinatero.

"Kumanda salowako chisawawa ngati kumsika. Ndipo mukayankhula ndi ndani? Ife tayesa, a mpingo ayesa. Kuno samva. Masana onse amakhala kwanuko."

Ponditsanzika anandipatsa nyemba m'kajumbo. Ndinakana, anandikakamiza. Kuchokera pamenepo mpaka pa siteji ndinayenda wapansi, ndipo anthu omwe ndinakumana nawo ankandilonjera maso ali kumbali.

Lolemba ndinafika molawirira. Siponji inali yonyowa kale. Naini koloko a Matewere analowa ndi anthu awiri a komiti, bambo wina wa mimba yayikulu ndi mayi wina wonyamula faelo. Ndinatsegula kabati popanda kudikira kuuzidwa. Pa shelefu ya nambala seveni panali fumbi lokhalokha.

A Matewere anapumira m'mwamba. Ananditengera pambali, n'kutsitsa mawu.

"Ndamva kuti Loweruka munali ku Thyolo. Mverani. Ngati banja lija linakaniza zidazo ndipo pali wina kumeneko akuseweretsa, nenani pano. Titumiza apolisi akazitenge. Za fomu ija tinena kuti munasayina mothamanga, mudzangolandira kalata yochenjeza. Ana mayeso awo adzabwereza, koma inu ntchito ikhala."

Anthu inu, khomo linali lotseguka. Ndikanangogwedeza mutu. Ndinaona m'maganizo galimoto ya apolisi itaima pansi pa mango uja, mayi aja akufunsidwa, akuloza kumanda, anthu akusonkhana ndi makasu. Ndinaganizanso za ana anga awiri ndi nyumba ya koleji yomwe tinkakhalamo. Ndikunena zoona, sindikudziwa chomwe ndikanayankha.

Ngo, ngo, ngo.

Tonse tinacheuka. Mkono wakumanzere unali utanyamula chitsulo chowotcherera, ndipo unapukuta nsonga yake pa siponji, kautsi kakukwera. Pa kompyuta kanambala seveni kanali kobiriwira.

"Ndi ameneyo," anatero bambo wa komiti uja. "Walowa. Dulani netiweki."

A Matewere anapita kukhoma n'kuzula waya wa netiweki ndi dzanja lawo. Manambala ena onse pa kompyuta anazima. Seveni inakhalabe yobiriwira. Mkono uja unaika chitsulocho pamalo pake, unatembenuka pang'onopang'ono kuloza komwe ndinaima, n'kutambasula zala zake zachitsulo, chikhatho kumwamba. Mayi wa faelo uja anabwerera chambuyo mpaka nsana unagunda chitseko.

Zaka zisanu ndi zinayi ndinali nditaphunzira kuwerenga dzanja limenelo. Ndinayang'ana patebulo. Pulayazi inali pomwepo, mita pomwepo, mtovu pomwepo. Panalibe bolodi loti likonzedwe. Sichinali chida chomwe ankadikira.

"Bwana," ndinatero kwa a Matewere, "kumaliro kuja sindinapite. Ndinanama. Nkhata ndinapatsa kondakitala, ine n'kupita kukalemba mayeso anga ku Zomba. Fomu ija ndinasayina bodza. Banja lija silinabe kanthu, ndipo ana aja sanabere mayeso. Zida za seveni zinakwiriridwa pamodzi ndi a Likhutcha, chifukwa panalibe wa kuntchito wowauza achibale kuti si zawo."

Dzanja lija linali likadali pomwepo.

Ndinatenga zida za nambala thuu n'kuvala pomwepo pamaso pawo, kuti a Likhutcha andione. Netiweki inali yozulidwa, magalasiwo sankayenera kuonetsa kanthu. Anaonetsa. Tebulo linali apo, lamdima pang'ono, ndi manja otuwa aja kumanzere, ndipo fungo la dothi linandidzaza m'mphuno. Ndinagwada pa simenti. Ndinaika manja pamodzi monga timachitira polankhula pamaliro.

"Ndaima pano m'malo mwa a kuntchito," ndinayamba. "Ndachedwa, bambo. Ndinachedwa dala, chifukwa ndinkafuna mpando wanu. Pepani. A Likhutcha anagwira ntchito pano zaka makumi atatu. Sanachedwepo. Ana omwe anawaphunzitsa ali m'dziko lonse lino. Ine amene ndikuyankhulane, chilichonse chomwe manja angawa amadziwa anandiphunzitsa ndi iwo, ndipo sindinawathokozepo. Bambo, mwagwira. Ana anakhoza, labu ili bwino. Mayi kunyumba atopa, akukudikirani kuti mupume. Ntchito yanu yathera pano. Werukani."

Kenako ndinamva golovesi yanga yakumanja ikufinyidwa, pang'ono chabe, monga munthu wamkulu amakugwirira dzanja potsanzika. Manja otuwa aja anachoka patebulo, anabwerera chakumapeto kwa maso, ndipo m'magalasimo munada bii. Patebulo lenileni panamveka kachinthu kakugwa, tapu.

Nditavula magalasi, mikono yonse iwiri inali itapinda pamalo pake. Seveni inali itazima. Mayi wa faelo anali atatuluka, faelo yake ili pansi. Bambo wa mimba uja ankapukuta thukuta ndi tayi. A Matewere anali ataima pomwe anazulira waya paja, wayawo ukadali m'manja, nkhope ili mbuu. Iwo anaona zomwe zinachitika ine nditaphimba maso, ndipo mpaka lero sanandiuzepo.

Pakati pa tebulo, mbali ya kumanja komwe ine ndinkaika zida zanga, panali kasikuludiraiva ka tepi yofiira. M'mizere ya chogwirira chake munali dothi lofiira, lonyowa.

Ntchito inatha sabata yomweyo, chifukwa cha fomu yabodza ija. Sindinadandaule kwa aliyense, linali bodza langa. Mu lipoti analemba kuti makina anali ndi vuto lomwe lakonzedwa, ndipo mayeso a ana aja anawasiya momwemo. Posayina kalata yondichotsa ntchito a Matewere analakwitsa mpaka anasayina kawiri. Tsiku lomwe ndinkatulutsa katundu m'nyumba ya koleji, a Jangiya anandithandiza kunyamula matiresi, ndipo aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso.

Patapita sabata ziwiri ndinapitanso ku Thyolo kuti ndikabweze kachitsuloka. Wakabaza yemwe uja anandifikitsa pakhomo penipeni. Mayi Likhutcha anali atasandutsa kachipinda kaja mosungira chimanga. Nditawaonetsa, anakatenga, anakatembenuza, anakanda dothi lija ndi chikhadabo, n'kundibwezera.

"Ndinawaikira m'thumba ndi manja angawa," anatero. "Ngati akupatsani, ndine ndani kuti ndikulandeni?"

Ndi kameneko mwagwirako, achimwene. Mafoni onse a mumsika muno ndimatsegulira komweko. Dothi lija ndinayesa kulitsuka ndi sopo, ndi sipiriti, ndi burashi, koma m'mizeremo silichoka. Tayang'anani chala chanucho.

Musachite mantha, a Likhutcha alibe nanu mlandu. Inu mungopukuta. Aka, magetsi aja ayaka. Bweretsani foniyo, koma hafu pasiti folo ikakwana ndikutseka, yatha kaya sinathe. Kachitsuloka sindikagwiritsa ntchito kupitirira nthawi imeneyo.